Tsankho la khungu silinatilumphe ife: yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana wanu akuloweza za Martin Luther King ndi Mandela kusukulu, pomwe kuno kunalibe apartheid. Ena akuyankhani kale kuti zimenezo n'zakunja, sizitikhudza. Ine sindikuvomereza, ndiye mundipirire, ndilemba motalikitsa.

Agogo anga aamuna, a ku Chintheche, anapita ku Joni pa Wenela. Atamwalira tinapeza m'bokosi lawo lachitsulo kabuku kokulungidwa m'kansalu, mapepala atachita kufiira, muli nambala ndi chidindo cha chala chawo. Imeneyo inali pasi. Ankatisimbira kuti kumgodi ankaitanidwa ndi nambala ija, dzina lawo linatsala kunyanja. Kuphulitsa miyala ankakudziwa bwino, mwina kuposa mzungu amene ankawayang'anira, koma malamulo a migodi kuyambira 1911 anasungira azungu okha satifiketi ya ntchito imeneyo. Ntchito ankagwira ndi iwo, malipiro aakulu ankadya ndi wina. Tsankho limene tikunenali silinali kungodana chabe ayi. Linali lolembedwa m'mabuku a boma, ndipo linkanena yemwe atenge nthaka, yemwe alandire zingati, yemwe aponye voti.

Chomwe ambiri sitinauzidwe n'chakuti maiko ankakoperana malamulo amenewa ngati ana a sukulu pamayeso. America inatseka khomo kwa antchito ochokera ku China mu 1882. Ku Natal, ku South Africa, mu 1897 anapeza njira yochenjera yotchingira amwenye: munthu alembe kaye m'chilankhulo cha ku Ulaya, akalephera abwerere. Australia inatengera nzeru yomweyo mu 1901, ndipo mlendo amene sakumufuna ankangomupatsa mayeso m'chilankhulo chimene sachidziwa. Nkhondo yoyamba itatha, pa msonkhano wa ku Paris wa 1919, Japan inapempha kuti pangano la bungwe la maiko la League of Nations linene kuti mitundu yonse ndi yofanana. Nthumwi 11 mwa 17 zinavomera, koma mtsogoleri wa America Woodrow Wilson, yemwe anali wapampando, anati popeza si onse avomera, mfundoyo yagwa.

Tsono taonani pomwe ife tikulowera. John Chilembwe anafika ku America mu 1897, patangotha chaka khoti lalikulu la kumeneko litagamula kuti kulekanitsa akuda ndi azungu m'sitima n'kololedwa. Anaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, pakati pa ana a anthu amene anali akapolo. Atabwerera mu 1900 n'kutsegula mishoni yake ku Mbombwe, akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLaney, anabwera kudzathandiza. Zimene anaona uko anazipezanso kwawo zitavala malaya ena: thangata m'maesiteti, msonkho wa nyumba, munthu wamkulu kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Ndiye kuukira atsamunda kwa pa 23 Januwale 1915 sikunagwe kumwamba.

Koma munthu amene ndimafuna mwana aliyense wa mu Mzuzu amudziwe ndi Clements Kadalie. Anabadwira ku Chifira, ku Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia n'kukhala mphunzitsi, kenako anauyamba ulendo wa kum'mwera kukasaka ntchito monga anzake ambiri. Mu 1919, ali ku Cape Town, anayambitsa bungwe la antchito la ICU pamodzi ndi onyamula katundu padoko. Kumapeto kwa chaka chomwecho ananyanyala ntchito, doko linazizira. Pofika 1927 bungwelo linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, mpaka kumafamu akutali, nthawi imene ANC inali idakali kagulu ka anthu ophunzira ochepa. Linadzapasuka ndi mikangano ya atsogoleri ndi ndalama, zimenezo sitingabise. Komabe tangoganizani, Mtonga wa kutsika phiri kuno ndiye anasonkhanitsa akuda a ku South Africa zaka 29 apartheid isanakhale ndondomeko ya boma mu 1948. Ndikamva wina akuti nkhani imeneyi ndi ya eni ake, mtima umandiwawa chifukwa cha iyeyu.

Nanga chitaganya cha 1953 makolo athu ankachikaniranji ndi mtima wonse? Ambiri anali atagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero). Anaona ndi maso momwe lamulo la nthaka la 1930 linaperekera pafupifupi theka la dziko kwa azungu ochepa, ndipo ankadziwa kuti ku South Africa lamulo la 1913 linasiyira akuda magawo 7 okha pa 100 alionse. Ankaopa kuti akatimangirira ku Salisbury, likulu la chitaganyacho, zomwezo zifika kuno. Pa 3 Malichi 1959 boma litalengeza za ngozi n'kugwira atsogoleri a Congress, anthu anasonkhana padoko la Nkhata Bay, pomwe abale awo anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali anaombera, anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Patangotha chaka, pa 21 Malichi 1960, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ku South Africa, chifukwa chokana pasi, yonga ija ya agogo anga. Zaka zomwezo akuda a ku Montgomery, ku America, anali atangoyenda wapansi masiku 381 kukana mabasi atsankho, ndipo ufulu weniweni wa voti anadzaupeza mu 1965, ife titalandira kale mbendera yathu.

Pali mbali ina yowawa imene mwana wanu ayenera kuimvanso. Mu 1967 boma la Kamuzu linatsegula ubale ndi boma la apartheid, ndipo mu 1971 iye anakacheza komweko, pomwe Mandela anali m'ndende pa Robben Island. Ena amati analibe pothawira, dziko losauka lopanda doko la kunyanja yamchere, amuna ake ambirimbiri akudyera kumigodi. Ndimazimva zifukwazo, koma ndikakumbukira kuti Zambia ndi Tanzania zinasunga omenyera ufulu n'kulipira mtengo wake, manyazi amandigwira ndithu.

Achemwali, tsiku lina Loweruka mukwere minibasi padepoti ndi mwanayo, mutsike ku Nkhata Bay, ulendo wake ndi wa ola limodzi basi. Mukafunse pomwe pali chipilala cha anthu a pa 3 Malichi, aliyense akulozerani. Akafuna kuona pasi yeniyeni, mundilembere ku inbox, ndimakhala ku Katoto ndipo kabuku ka agogo ndikadali nako.