Laputopu yochedwa kuyaka: muiyeze bwanji, nanga galafu yake muiwerenge bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a sekondale ku Zomba. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi laputopu yakale yomwe munali kale Windows 10. Ndinaikamonso Linux Mint kuti ndizisankha poyatsa. Windows imayaka msanga, koma Mint imatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Ndinapeza lamulo la systemd-analyze blame pa intaneti, ndinazimitsa zinthu ziwiri zomwe zinali pamwamba pa mndandanda, koma palibe chasintha. Kodi pali njira yoyezera bwinobwino, mwinanso kujambula galafu, kuti ndione pomwe nthawi ikuthera?"

Aphunzitsi, njira ilipo, ndipo zida zambiri zili kale m'laputopu mwanumo, chifukwa Mint inayamba kuyendera systemd, pulogalamu yomwe imayambitsa mapulogalamu ena onse poyaka, mu 2016 pomwe inatuluka Mint 18. Koma choyamba bwezerani zinthu ziwiri zija momwe zinalili. Simunazitchule maina, komabe ndikukayika ngati zinalakwa kanthu.

Mndandanda wa blame umanena chinthu chimodzi chokha: nthawi yomwe pulogalamu iliyonse inatenga kuchokera pomwe inauzidwa kuti iyambe kufika pomwe inati yakonzeka. Sukuuzani ngati panali wina woidikirira. systemd imayambitsa zinthu zambiri nthawi imodzi, choncho pulogalamu itha kutenga masekondi 40 ili payokha kumbali, inu mutafika kale polemba pasiwedi. Pa makompyuta a banja la Ubuntu, kuphatikizapo Mint, pamwamba pamakonda kukhala apt-daily, man-db, logrotate kapena fstrim. Izi zimadzutsidwa ndi wotchi, zina tsiku lililonse, fstrim kamodzi pa sabata, ndipo zimagwira ntchito yake kompyuta itayaka kale. Palinso plymouth-quit-wait, yomwe anthu ambiri amaida chabe. Ili ngati mlonda wotseka geti madzulo: amachoka pomaliza chifukwa amadikira kuti ena onse atuluke, osati chifukwa ndiye wachedwetsa anthu.

Choopsa kwambiri n'chomwe mndandandawo umabisa. Ngati systemd ikudikira disiki yomwe kulibe, kudikirako sikulembedwa mu blame ngakhale pang'ono, poti disiki siikhala ndi nthawi yoyamba ntchito monga pulogalamu. Imangokhalapo kapena kusakhalapo. Ndiye mutha kutaya mphindi yathunthu ndi theka, mndandanda uli wooneka bwinobwino.

Tisanayeze, tigwirizane kaye kuti "yayaka" ndi pati. Mu 2008, pa msonkhano wa Linux Plumbers ku Portland, akatswiri awiri a ku Intel, Arjan van de Ven ndi Auke Kok, anaonetsa kalaputopu ka Asus Eee PC kakuyaka m'masekondi 5. Chomwe chimandisangalatsa pa ntchito yawo si liwirolo ayi, koma lamulo lomwe anadziikira: kompyuta yayaka pokhapokha purosesa ndi disiki zakhala chete. Kuonetsa chithunzi cha desikitopu msanga, kwinaku disiki ikulirabe mkati, iwo ankakutenga ngati kunama. Inunso tsatirani zomwezo. Ikani foni pambali, mujambule vidiyo ya sikirini kuyambira pomwe mwadina batani mpaka kagetsi ka disiki katasiya kuphethira. Vidiyo imaposa wotchi yapamanja chifukwa mutha kuibwereza n'kuona sekondi yomwe chizindikiro cha kampani chinachoka, yomwe menyu ya GRUB (yosankhira Windows kapena Mint ija) inabwera, yomwe sikirini inada. Nthawi yomwe zala zanu zinatha polemba pasiwedi muichotsepo.

Apa ndiikepo ka mawu ka Windows, poti mwaiyamikira. Kuyambira Windows 8 mu 2012 muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down, Windows siizima kwathunthu: imasunga mtima wake ndi madalaivala mu fayilo pa disiki, mawa n'kungozinyamula momwe zinalili. Mint ikuyamba ulendo kuchokera pachiyambi, Windows ikuyambira pakati. Kuti mpikisano ukhale wachilungamo, gwirani Shift podina Shut down, kapena yezani pogwiritsa ntchito Restart. Nambala zake Windows imasunga yokha. Mu Task Manager, pa gawo la Startup, makompyuta ambiri amaonetsa Last BIOS time. Mu Event Viewer, tsatirani Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, Diagnostics-Performance, Operational, mufufuze Event ID 100. Pamenepo pali nthawi yonse yoyakira m'mamilisekondi.

Tibwerere ku Mint. Tsegulani terminal mulembe:

systemd-analyze time

Mzere womwe utuluke umagawa nthawi m'zidutswa. Firmware ndi nthawi ya BIOS kapena UEFI, pulogalamu ya laputopu yeniyeniyo yomwe imayamba kudzuka mukadina batani, Linux isanafike n'komwe. Imeneyo simungaikonze muli mu Mint, koma m'zosankha za BIOS. Loader ndi GRUB, ndipo masekondi omwe menyu imakhala ikudikira kuti musankhe Windows kapena Mint amawerengedwa momwemu, choncho musadabwe ikakhala yaikulu pa kompyuta ya machitidwe awiri ngati yanuyi. Kenako kernel, mtima wa Linux, pena ndi initrd (kadongosolo kakang'ono kothandiza kernel kufika pa disiki) payokha, pomaliza userspace, momwe muli mapulogalamu onse omwe systemd imayambitsa. Pa laputopu yakale kwambiri yosayendera UEFI, ziwiri zoyambazo sizioneka kawirikawiri, ndipo vidiyo ija ndiyo idzadzaze mpatawo. Mzere wachiwiri umanena nthawi yomwe graphical.target inafikidwa. Kumeneko ndi pafupi ndi pakhomo polembera pasiwedi, osati desikitopu yokonzeka.

Chidutswa chomwe chakula kuposa zinzake ndicho chikuuzeni kolowera. Ngati ndi userspace, lembani:

systemd-analyze critical-chain

Ili ndiye lamulo lomwe munayenera kupatsidwa poyamba paja. Limaonetsa unyolo wa zinthu zomwe zinadikirana, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka kufika pa graphical.target. Nambala yotsatira chizindikiro cha @ ndi nthawi yomwe chinthucho chinakonzeka kapena kuyamba. Yotsatira + ndi nthawi yomwe chinatenga pachokha. Werengani kuchokera pansi kukwera m'mwamba, maso ali pa manambala a @. Mukaona mzere wina uli pa masekondi 4, wapamwamba pake uli pa 1min 34s, pakati popanda + wamkulu wofotokoza kusiyanako, mwapeza dzenje.

Galafu yomwe mwapempha imatuluka ndi lamulo ili:

systemd-analyze plot > kuyaka.svg

Tsegulani fayiloyo mu Firefox. Ndi yotambalala komanso yaitali, muyenera kuyenda nayo kumanja ndi pansi. Nthawi imayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Ziro ali pomwe kernel inayamba, choncho firmware ndi loader zikaoneka zimakhala kumanzere kwa ziroyo. Mzere uliwonse ndi chinthu chimodzi. Kofiira kwambiri ndi pomwe chinali kuyamba, kofiira motuwa ndi pomwe chinali chitayamba kale ndipo chikungogwira ntchito. Mizere yotuwayo imafika mpaka kumapeto kwa pepala ndipo ilibe mlandu, musaiope.

Diso la aliyense limathamangira mzere wofiira wautali. Lizoloweretseni kuyang'ana m'mphepete mwa kumanzere, pomwe mizere imayambira. Pa kompyuta yabwinobwino m'mphepetemo mumatsetsereka pang'onopang'ono, mizere yambiri ikuyambira pafupipafupi. Pa kompyuta yodwala mumakhala sitepe yaikulu: mizere ingapo yayamba, kenako kwa nthawi yaitali palibe chatsopano, kenako khamu lonse likuyambira pa sekondi imodzi. Funso lofunika ndi lakuti, n'chiyani chinatha pa sekondi imeneyo? Ngati pali mzere wofiira womwe ukuthera pomwepo, ndiwo unagwira anzake. Ngati palibe, ndiye kuti systemd inadikira mpaka kutopa n'kusiya yokha.

Ndinene chomwe ndikuchiganizira, ngakhale galafu yanu sindinaione. Mphindi ziwiri zanuzo zikufanana kwambiri ndi masekondi 30 a laputopu yakale kuonjezapo masekondi 90, ndipo 90 ndi nthawi yomwe systemd imadikira disiki yosowa isanataye mtima. Izi zimachitika fayilo ya /etc/fstab, mndandanda wa madisiki oti alumikizidwe poyaka, ikamatchula gawo la disiki ndi nambala ya UUID yomwe kulibenso: swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza) yomwe inakonzedwanso, gawo lomwe munafufuta pogawa malo ndi Windows, kapena disiki yakunja yomwe lero siinalumikizidwe. Kutsimikiza n'kosavuta. Poyatsa, chizindikiro cha Mint chikaoneka, dinani Esc. Mukaona mawu onga "A start job is running for dev-disk-by" ndi nambala ikuwerenga kupita ku 1min 30s, ndi chomwecho. Lembani lsblk -f kuti muone ma UUID enieni, muwayerekeze ndi a mu fstab. Lamulo la sudo findmnt --verify limathandizanso kuloza mzere wolakwika. Konzani nambalayo, kapena ikani # kumayambiriro kwa mzerewo. Ngati ndi disiki yomwe mumachotsachotsa, onjezani nofail pa zosankha zake kuti kuyaka kusamaidikire. Musanakhudze fstab koperani ina musunge, ndipo mzere wa / (gawo lomwe muli Mint yeniyeniyo) musaugwire, chifukwa ukalakwika Mint siifika pa desikitopu.

Ngati dzenje lili mu kernel kapena initrd, galafu iyi siikuthandizani, poti systemd inali isanayambe kulemba za mapulogalamu. Lembani journalctl -b -o short-monotonic, kapena sudo dmesg, muyang'ane manambala a kumanzere, omwe ndi masekondi kuchokera pa ziro uja, mupeze pomwe adumpha. Mlandu wofala kumeneko ndi m'bale wake wa woyamba uja: fayilo ya /etc/initramfs-tools/conf.d/resume ikuloza swap yakale, ndipo kompyuta imaifunafuna kwa masekondi pafupifupi 30. Mukaikonza, malizani ndi sudo update-initramfs -u.

NetworkManager-wait-online, yomwe imadikira kuti netiweki ilumikizike, nayo imachedwetsadi nthawi zina, makamaka Wi-Fi ikakhala yofooka, koma pokhapokha ikaoneka mu critical-chain. Ikakhala mu blame mokha, isiyeni.

Nanga mukapeza kuti dzenje palibe, chilichonse chikungoyenda mwaulesi? Pamenepo mufunika galafu ya mtundu wina, yoonetsa zomwe purosesa ndi disiki zinkachita. Ganizoli ndi lakale: mu 2004 Owen Taylor wa ku Red Hat anapempha anthu a Fedora kuti wina ajambule chithunzi cha momwe kompyuta imayakira, ndipo Ziga Mahkovec anayankha ndi pulogalamu ya Bootchart. Auke Kok uja anadzalemba yake m'chinenero cha C, yomwe inakhalako mkati mwa systemd isanapatulidwe mu 2016. Iikeni ndi sudo apt install systemd-bootchart. Pa menyu ya GRUB dinani e, pitani kumapeto kwa mzere woyamba ndi mawu oti linux, muonjezepo init=/lib/systemd/systemd-bootchart, kenako F10. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha. Galafu mukaipeza mu /run/log, ndipo muikopere kwina musanazimitse chifukwa /run imakhala mu RAM. Dziwaninso kuti mwachizolowezi imayeza ka 25 pa sekondi mpaka kukwana ka 500, omwe ndi masekondi 20 okha. Pa laputopu yanu kwezani Samples mu /etc/systemd/bootchart.conf, apo ayi galafu idzatha nkhani isanayambe.

Mu galafu imeneyi muli mizere ya purosesa ndi ya disiki. Purosesa ikakhala yosatanganidwa koma nthawi yodikira disiki ili yodzaza kuyambira koyamba mpaka kumapeto, vuto si pulogalamu iliyonse ayi. Hadi disiki ya laputopu yambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi, ndiko kuti ka 90 pa sekondi, ndipo kuyaka ndi ntchito yowerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana. Disiki yotere imakwanitsa kudumpha malo pafupifupi ka 100 pa sekondi, pomwe SSD wamba, disiki yosazungulira, imachita masauzande ambiri. Zikatero, kuzimitsa mapulogalamu kudzakupatsani masekondi awiri kapena atatu, SSD n'kukupatsani ochuluka kuposa pamenepo. Koma musagule musanaone galafu. SSD siichotsa masekondi 90 odikira UUID yolakwika, ndipo ndalama zake si zochepa.

Chotsala ndi chomwe inu aphunzitsi mumauza ana mu labu. Muyeso umodzi si muyeso. Yatsani kasanu musanasinthe kanthu, chaja ili pamoto nthawi zonse, pa Wi-Fi yomweyo, popanda fulashi, ndipo musawerengere kuyaka koyamba pambuyo pa ma update. Ndandalikani manambalawo kuyambira yaing'ono, mutenge yapakati, chifukwa avereji imakokedwa ndi ulendo umodzi woipa. Sinthani chinthu chimodzi, yezaninso. Manambala akale simufunika kuwalemba pamanja: journalctl | grep "Startup finished" imatulutsa a maulendo am'mbuyo omwe akadali m'kaundula. Muona mizere ina yaifupi ya m'mamilisekondi, imeneyo ndi ya wogwiritsa ntchito atalowa. Tengani yotchula kernel ndi userspace. Aikeni mu LibreOffice Calc, mzere umodzi pa ulendo umodzi, danga limodzi pa chidutswa chilichonse, mujambule galafu ya mizati yosanjikiza. Muonjezere danga lina la nthawi ya pa vidiyo kuchokera polowa mpaka disiki kukhala chete, chifukwa gawo limenelo systemd-analyze time siiliwerengera, ndipo pa hadi disiki limatha kukhala lalitali ndithu.

Mukapanga kuyaka.svg nditumizireni pamodzi ndi zomwe critical-chain ndi lsblk -f zatulutsa, komanso fstab yanu. Munditchulirenso maina a zinthu ziwiri munazimitsa zija, kuti tione ngati zabwerera bwino.