Funsani Dokotala: Mawu asasa, opera yatsala masabata atatu

Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 24. Ndinayambira kwaya kwathu ku Zomba, pano ndikuphunzira opera (masewero a kuimba kokhakokha) ku Cape Town. Koyamba andipatsa gawo loimba ndekha, ndipo tionetsa pakatha masabata atatu. Koma patha masabata asanu mawu ali osasa, ndikakweza amaduka. Ndikumwa uchi, ndimu ndi jinja, m'mawa ndimameza dzira laliwisi, masana ndimangonong'ona. Mnzanga wandipatsa mapiritsi a prednisolone omwe anamutsalira. Aphunzitsi sindinawauze. Ndimwenso chiyani?
Wodandaula, Cape Town

Achemwali, m'kalata yonseyi ine ndaima pamene mwati aphunzitsi simunawauze. Mukuopa kulandidwa gawo, ndipo pansi pa mtima mukuopanso kuti dokotala akakuonani adzati kuimba kwathera pomwepa. Mtima m'malo. Kwa oimba a msinkhu wanu, kusasa kotere kawirikawiri kumakhala kutupa, kapena timfundo tomwe ife timati nodules, tofanana ndi kukhakhala komwe khasu limasiya m'manja. Tambiri timachepa munthu akaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito ka mawu, osachita opaleshoni.

Tsono za dziralo. Mawu amachokera pa timinofu tiwiri ta m'kholingo, tomwe mwa akazi sitikwana n'komwe masentimita awiri. Timinofuti tili pakhomo la njira ya mpweya. Chakudya chili ndi njira yakeyake kuseri kwake, ndipo mukamameza, kholingo limatsekeka kuti pasalowe kanthu. Munatsamwapo ndi dontho limodzi la tiyi mpaka misozi mbwe? Ndizo zimachitika chakumwa chikafikadi pa timinofuti. Ndiye uchi wonse mwamwawu unangodutsa pambali ulendo wa m'mimba. Umafewetsa pammero, inde, ndipo sindikuletsani, koma pomwe pavulala sunafikepo. Dzira laliwisi lokhalo lisiyeni lero, lingakupatseni matenda otsegula m'mimba. Ndimu wambiri naye amautsa chilungulira mwa anthu ena, ndipo asidi wa m'mimba akakwera usiku amaotcha malo omwewo mukufuna kuchiza. Ndinaimbako kwaya, ndikudziwa kuti chikhulupirirochi n'chovuta kuchizula, poti aliyense ali ndi azakhali ake omwe dzira linawathandiza. Azakhaliwo, ndikuganiza, anachira chifukwa anakhala chete masiku angapo.

Kunong'ona nakonso kumaumitsa ndi kutopetsa kholingo. Bola kuyankhula motsitsa ndi mawu anu enieni, kapena kungokhala duu.

Pa mapiritsi a mnzanuwo ndiye ndikudzudzuleni pang'ono. Prednisolone amaphwetsa chotupa msanga, munthu n'kumaona ngati wachira, n'kuyamba kukuwa pa chilonda. Ife timawapereka kwa oimba nthawi zina, koma titayamba taona m'kholingomo. Aspirin ndi ibuprofen nawonso samalani nawo, amapangitsa kuti kamtsempha kakaphulika magazi asaleke msanga. Mu 2011 Adele, woimba wotchuka wa ku England, anaimitsa makonsati ake ku America magazi atatuluka pa timinofu timeneti, mpaka anakachitidwa opaleshoni ku Boston. Ganizirani ntchito yomwe timagwira: mukaimba noti ya A yomwe oimba zing'wenyeng'wenye amachunira zida zawo, timagundana ka 440 pa sekondi, pa C wapamwamba kupitirira ka 1,000. Mu opera mulibe maikolofoni, mawu anu okha ayenera kupyola gulu lonse la zoimbira. Anzanu a masewero oimba a ku West End, mu mzinda wa London, ali nayo maikolofoni, koma amakwera pa siteji ka 8 pa sabata, ndipo nawonso amatipeza.

Masabata asanu achuluka. Kwa munthu wamba timati mawu akasasa masabata anayi aonedwe. Kwa woimba sitidikira choncho. Pitani sabata ino kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, mukanene kuti ndinu woimba ndipo mukufuna aone timinofuti ndi kamera. Ndi kachubu kopyapyala kolowera m'mphuno kapena kandodo kolowera m'kamwa, mphindi zochepa basi. Nkhani yoonera m'kholingoyi anaitchukitsa ndi mphunzitsi wa kuimba, Manuel García wa ku Spain, yemwe mu 1854 anadziona yekha ndi kagalasi ka dokotala wa mano ndi kuwala kwa dzuwa. Popanda kuona, ngakhale ine sindingasiyanitse kutupa, timfundo ndi magazi, chonsecho chilichonse chili ndi chithandizo chake. Akapeza magazi, mudzakhala chete kotheratu pafupifupi sabata. Akapeza timfundo, adzakutumizani kwa katswiri wophunzitsa mawu. Mapiritsi aja mupite nawo, mukanene mwamwa angati.

Podikira tsikulo, imwani madzi pafupipafupi, pumani nthunzi ya madzi otentha opanda chothiramo, poti nthunzi ndiyo imafikadi m'kholingo, ndipo musagone mutangodya kumene. Akakulolani kuimbanso, yambani ndi mphindi 10 kapena 15 zong'ung'uza ndi kuimbira m'kapaipi komwera zakumwa musanakweze mawu. Mawu akazimiratu mwadzidzidzi mukuimba, kapena mukayamba kubanika, siyani pomwepo muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Aphunzitsi auzeni mawa m'mawa. Khutu lawo linamva kale, akungodikira inu. Pokonzekera opera woimba amaloledwa kuimba motsitsa kuti asunge mawu, koma amalola munthu amene wapempha. Mukabwerako kwa dokotala mudzawasonyeze chithunzi cha m'kholingocho, mupangire limodzi dongosolo la masabata atatuwa.