"Sanafune kupha": nanga khoti limadziwa bwanji za mumtima?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Mchimwene wawo ali pa rimandi kundende ya Zomba. Akuti anakangana ndi mnzake pamowa, anamumenya ndi mtengo, mnzakeyo n'kumwalira patapita masiku awiri. Funso lawo ndi lakuti: "Iye sanafune kupha, nanga bwanji apolisi akuti ndi murder?"

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Paja mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo ajaji nawo sangawolokereko. Chimene amachita ndi kuyang'ana zochita za munthu. Anagwiritsa ntchito chiyani, chibakera kapena chikwanje? Anamenya pati, mwendo kapena mutu? Kamodzi, kapena anapitiriza mnzakeyo atagwa kale? Lipoti la dokotala amene anapima mtembo limayankhula mokweza kuposa achibale onse.

Apa ndi pamene ambiri amadzikola. Munthu amauza apolisi kuti, "Sindimafuna kupha, ndimangofuna kumuphunzitsa," poganiza kuti wadzipulumutsa. Koma gawo 212 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limati ngakhale cholinga chovulaza kwambiri, kapena kudziwa kuti zimene ukuchitazo zikhoza kuphetsa munthu, n'zokwanira kuti mlandu ukhale wakupha mwadala (murder) pansi pa gawo 209. N'chifukwa chake ufulu wokhala chete mpaka loya afike si wocheza nawo.

Manslaughter ili pa gawo 208. Timaitchula kuti kupha mwangozi, koma ine dzinali limandivuta, chifukwa nthawi zambiri ngozi sipakhala. Munthu anamenyadi, kungoti cholinga chija palibe, kapena anaputidwa n'kuchita zinthu mtima uli m'mwamba. Nkhani yoputidwayi imadalira nthawi. Ngati mchimwene wanu anatola mtengo pompo mkangano uli mkati, loya ali ndi pogwira. Ngati anapita kunyumba, n'kubwerera nawo patatha ola, boma lidzati mtima unali utazizira. Za mowa musadalire kwambiri: kuledzera pakokha sikuchotsa mlandu, khoti limangokuganizira poona ngati cholinga chinalipo.

Dziwaninso kuti udindo wotsimikizira cholinga ndi wa boma, mopanda kusiya chikayiko. Mlanduwu umazengedwa ku High Court, osati kwa majisitireti, ndipo mlandu umene apolisi alemba lero ukhoza kutsika n'kukhala manslaughter. Za chingwe mtima ukhale pansi pang'ono: kuchokera pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, chilango cha imfa si chokakamiza, ndipo dziko lino linanyonga komaliza mu 1992. Komabe manslaughter nayo ikhoza kufika pa moyo wonse m'ndende.

Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau konkuno ku Zomba. Musanapite, lembani mayina a onse amene analipo usikuwo, makamaka amene anaona kumene mtengowo unachokera.