Makalata a alendo akamagwera mu Spam

Mayi wina amene amayang'anira malo ogona alendo ku Senga Bay, m'boma la Salima, andilembera kuti makalata a anthu ofuna kusungitsa zipinda akumagwera mu Spam, bokosi la imelo la makalata okayikitsa, makamaka odzera pa fomu ya pa webusaiti yawo, ndipo amawaona alendowo atapeza kale malo kwina. Akufunsa ngati angathe kungochotseratu sefa imene imaponya makalata mu Spam.

Mayi, sefayo musalimbane nayo kuti muichotse, chifukwa imakutchinjirizani kwa akuba ambiri amene simuwaona n'komwe. Chofunika ndi kuiphunzitsa. Gmail imafufuta yokha uthenga umene wakhala mu Spam masiku 30, choncho muzitsegulamo kawirikawiri, ndipo pa Khirisimasi ndi pa Isitala, pamene anthu a ku Lilongwe amakhamukira kunyanja, muzitsegulamo tsiku lililonse. Mukapezamo kalata yeniyeni musangoiyankha n'kuisiya momwemo, koma mudine Not spam ndi kusunga adiresiyo mu Contacts, pakuti apa m'pamene makinawo amadziwira kuti analakwitsa.

Kwa anthu amene mumalemberana nawo nthawi zonse, monga makampani okubweretserani alendo, ikani lamulo lokhazikika. Zimenezi zimachitika pa kompyuta: pitani ku Settings, kenako Filters and Blocked Addresses, lembani adiresiyo, musankhe Never send it to Spam. Pa Outlook mndandanda wotere umatchedwa Safe senders. Koma chonde muzilemba adiresi imodziimodzi kapena dzina la kampani imene mukuidziwa bwino (lija lobwera pambuyo pa @ mu adiresi), chifukwa kuloleza gmail.com yonse kuli ngati kugwetsa mpanda wonse pofuna kuti mlendo mmodzi alowe.

Nkhani ya fomu ija ndiyo yandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndikukhulupirira kuti vuto lalikulu lagona pamenepo. Mafomu ambiri anakonzedwa moti uthenga umaoneka ngati wachokera ku adiresi ya mlendoyo, mwachitsanzo ya Yahoo, pamene kwenikweni wachoka pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti yanu. Gmail ikaulandira imauyesa ndi mayeso atatu otchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. SPF imaona ngati seva imeneyo ili ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina limenelo, DKIM imayang'ana siginecha yobisika ya mwini dzinalo, ndipo DMARC imanena choyenera kuchita ndi uthenga umene walephera. Seva yanu ilibe chilolezo cholankhula m'dzina la Yahoo, motero kalata ya mlendo woona mtima imaoneka chimodzimodzi ndi ya wakuba amene wabwereka dzina la mnzake. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo amenewa, ndipo wotumiza aliyense amayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM.

Mungathe kudzionera nokha. Tsegulani pa kompyuta uthenga umodzi wa pa fomupo, dinani timadontho titatu takumanja, musankhe Show original, ndipo mudzaona PASS kapena FAIL pafupi ndi mayeso aja. Mukaona FAIL, uzani amene anakukonzerani webusaiti kuti fomuyo izitumiza m'dzina la webusaiti yanu, adiresi ya mlendo aziika mu Reply-To kuti mukamayankha yankho lizipita kwa iye, komanso akonze SPF ndi DKIM za dzina lanulo. Akamaliza, lembani nokha pa fomupo ngati mlendo, kenako muonenso Show original ngati tsopano pakulembedwa PASS.