Mafunso Anu: Dzuwa la Pamwamba pa Phiri

Funso: Akonzi, mu Okutobala ndikutsogolera achinyamata a mpingo wathu ku Nyika. Amene anapitako akuti kumazizira, koma anabwerako milomo itang'ambika, mphuno zikusupuka. Dzuwa lingaotche bwanji munthu kozizira, makamaka ife a khungu lakuda? *Bambo wa ku Kapata, Chipata*

Yankho: Bambo, chimene chinawaotcha si kutentha ayi, koma cheza chosaoneka cha dzuwa chotchedwa ultraviolet, mwachidule UV. Khungu silimva kanthu chikamalowa, ululu umadza madzulo. Mpweya wa mumlengalenga umasefako chezachi, ndiye mukakwera phiri sefayo imachepa: pa mamita 1,000 aliwonse UV amawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti, pamene kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Chipata ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Nyika yapitirira 2,000.

Msampha uli pa kuzizirako. Kamphepo kayeziyezi kakamawomba, mnyamata amavula chipewa n'kukhala pathanthwe ola lathunthu, zimene sangachite ku Mfuwe, kumene kutentha kumam'thamangitsira pamthunzi. Mitambo yopyapyala nayo isakunamizeni, imatha kudutsitsa UV mpaka 80 peresenti. Ndipo mwezi mwasankhawo ndi wovuta, pakuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni kuno kwathu.

Khungu lakuda limatchinga ndithu, koma osati zonse, ndipo maso alibe chitetezo chotero. Nyamukani m'bandakucha, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko muzipuma pamthunzi kawirikawiri. Chithunzithunzi chanu chikafupika kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti UV wakwera. Aliyense avale chipewa cha mlomo wozungulira, wotambalala masentimita 7 kapena kuposa. Kapu imasiya makutu ndi khosi pamtetete. Malaya akhale a manja aatali. Ayang'anitseni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa m'nsalu, UV nayenso adutsa.

Mafuta oteteza ku dzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo potchinga UV). Ambiri amalakwa podzola pang'ono ngati mafuta a tsiku ndi tsiku. Pakufunika supuni ya tiyi yodzaza kunkhope, m'makutu ndi m'khosi, inanso pa mkono uliwonse, mphindi 20 musanatuluke, kenaka kubwereza maola 2 aliwonse, ngakhale msanga ngati thukuta lachuluka. Vaseline amafewetsa milomo koma satchinga UV. Amene akumwa doxycycline akuuzeni, chifukwa mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga.

Funso: Mng'ono wanga atatsika phiri anagona bwino, koma pakati pa usiku anadzuka maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akuti muli mchenga. Chinali chiyani? *Mlongo wa ku Katete*

Yankho: Zikufanana ndi photokeratitis, kupsa kwa kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso. Zizindikiro zimachedwa maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake anthu saganizira dzuwa. Asatikite maso. Akhale m'chipinda cha mdima, aikepo kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira, ndipo musathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba. Nthawi zambiri zimapola m'masiku 2. Zikapitirira, kapena akayamba kuona mwachimbuuzi, apite kuchipatala. Ulendo wina avale magalasi olembedwa UV400. Magalasi akuda opanda chitetezocho ndi oipa kuposa kusavala, chifukwa mwana wa diso amatseguka mumdimawo, UV n'kulowa wambiri. Kwa zaka zambiri chezachi chimathandizanso kubweretsa ng'ala.

Funso: Mwana wanga ndi wachialubino. Kodi ndimuletse kukwera phiri la Kanjala ndi anzake a kusukulu? *Mayi wa ku Chipata*

Yankho: Amayi, musamuletse, koma pa iye musanyengerere chilichonse mwa zimene tanenazi. Khungu lake lilibe melanin wokwanira (chimene chimadetsa khungu n'kulitchinga ku dzuwa), limapsa m'mphindi zochepa, ndipo kupsa kobwerezabwereza ndiko kumabala khansa ya pakhungu. Adzole SPF 50, avale buluku lalitali, chipewa ndi magalasi, ndipo pemphani aphunzitsi kuti atsike isanakwane 10 koloko. Pomusambitsa muziyang'ana kuseri kwa makutu, m'khosi ndi mlomo wa m'munsi. Kachilonda kosapola patatha masabata 3, kapena kachigamba kokhakhala, mukaonetse kuchipatala sabata yomweyo.