Chigongono chikulasa, khosi lauma: kodi vuto lili pati?

Mayi wina amene amagwira ntchito yolowetsa manambala mu kompyuta tsiku lonse wanditumizira imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere: "Kwa miyezi ingapo tsopano chigongono changa chakumanja chikuwawa chakunjaku, moti ngakhale kunyamula kapu kapena kupotokola chogwirira chitseko ndimamva kulasa. Khosi ndi phewa la mbali yomweyo zimauma pofika masana. Nditapita kutchuthi ululu unachepa, koma nditangobwerera kuntchito unayambiranso. Wina wandiuza kuti minofu yanga ina ndi yolimba, ina ndi yofooka. Kodi n'zoona? Nanga ndingatani?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi ululuwo. Amene anakuuzaniyo sananame. Chimene ndikufuna muchigwiritse n'chakuti vuto lotere kawirikawiri silitha msanga ndi kupuma kokha, kapena kutikita pamene pakuwawapo. Limatha mukalimbitsa minofu imene yafooka, pang'onopang'ono, uku mukuchepetsa ntchito imene mukuisenzetsa minofu yotopayo.

Tiyambe ndi mkono womwewo. Ikani dzanja lakumanja patebulo ngati mwagwira mouse, kachipangizo kodinira pa kompyuta kaja. Ndi zala za dzanja lamanzere, gwirani pamwamba pa mkonowo chapafupi ndi chigongono, kenako kwezani chala chapakati n'kuchitsitsa kangapo. Mumva mnofu ukudumphadumpha pansi pa zala zanu. Minofu imeneyo ndi imene imakweza dzanja ndi zala, ndipo yambiri imakathera pa kafupa kamodzi kotundumuka kunja kwa chigongono. Tsatirani mnofuwo mpaka pa kafupako, dinikizani. Ndikukhulupirira kuti m'pamene pakulasa. Tsiku lonse dzanja lanu limakhala litapindikira m'mwamba pang'ono, zala zili tcheru kudikira kudina, ndipo minofu imeneyi sipuma n'komwe. Sikuti ikunyamula cholemera, koma kukoka kwakung'onoko kukabwerezedwa maola ndi maola, mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa umayamba kuperepeseka msanga kuposa mmene thupi lingaukonzere. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto limene madokotala amalitcha tennis elbow, ngakhale kuti ambiri amene ali nalo sanaseweko tenisi.

Vutoli si lachilendo. Mu 1713 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba za matenda a alembi a nthawi imeneyo, ndipo anatchula zinthu zitatu zowavulaza: kukhala pansi nthawi yaitali, kuyendetsa dzanja mofananafanana osalekeza, ndi kupanikizika maganizo poopa kulakwitsa. Chachitatuchi musachinyoze. Munthu akamathamangitsana ndi nthawi, mapewa amakwera okha kupita kumakutu, ndipo mouse amaifinya mwamphamvu osazindikira.

Tsopano khosi ndi phewa zikubwera bwanji m'nkhaniyi? Apa m'pamene pali kusiyana mphamvu kwa minofu kumene munauzidwa kuja. Dokotala wa ku Prague, Vladimir Janda, anafotokoza zimene zimaoneka kawirikawiri mwa anthu okhala chowerama. Minofu ya pachifuwa ndi ya pamwamba pa mapewa kukwera m'khosi imakungika. Minofu ya mkati kutsogolo kwa khosi, ndi ija ya kumsana imene imagwira fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa, imafooka chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndiye ukasendera kutsogolo kulondola sikirini, minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi imene imaugwirira kuti usagwe. Phewa likapanda pogwira zolimba kumsana, mkono wonse umalendewera pa minofu ya m'khosi, ndipo ntchito yowongolera dzanja imatsalira timinofu ta m'munsi. Zili ngati anthu awiri amene anyamula chipika, wina n'kulefuka m'njira: wobuula ndi amene wasenza katundu wa awiri, koma wofunika kudzutsidwa ndi mnzake uja.

N'chifukwa chake tchuthi chinakunyengani. Kupuma kunachotsa katundu, ululu unazilala, koma mphamvu sizinawonjezeke. Mnofu ndi mtsempha zikakhala osagwira ntchito zimafookeratu. Munabwerera kuntchito yomwe ija ndi mkono womwe uja.

Nazi zimene ndingakulangizeni pa chigongono, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ambiri amalakwitsa pothamanga. Khalani pampando, gonekani mkono patebulo, chikhatho chiyang'ane pansi, dzanja lituluke kunja kwa tebulo. Gwirani botolo la madzi la theka la lita, lomwe limalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Ndi dzanja linalo, thandizani kukweza dzanja lodwalalo m'mwamba. Kenako lisiyeni, ndipo tsitsani botololo lokha mwapang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka 4 kapena 5. Kutsitsako ndiye mankhwala ake, choncho musalole kuti dzanja lingogwa. Chitani ka 10 mpaka 15, pumani, bwerezani katatu. Ngati ngakhale zimenezi zikulasa kwambiri, yambani ndi kungogwira botololo dzanja lili chowongoka, osaliyendetsa, kwa masekondi 30, kangapo. Zikayamba kupepuka, onjezerani kulemera pang'ono. Musakhale pa botolo lomwelo mwezi ndi mwezi, pakuti mtsempha umalimba pokhapokha katundu akamakula.

Ululu pang'ono pochita zimenezi si woopsa. Yesani motere: ngati 10 ndi ululu wosapiririka, musapitirire 3 kapena 4, ndipo pofika m'mawa mwake mkono ukhale monga unalili. Ukadzuka ukuwawa kuposa dzulo, ndiye kuti munachulutsa. Chepetsani kulemera, koma musasiye.

Kumsana ndi kuphewa, pezani lamba wa labala wotamuka uja wochitira mafizo. Mumangirire pa chogwirira chitseko chotseka bwino, gwirani nsonga zonse ziwiri, kokerani zigongono kumbuyo mpaka mumve mafupa a kuseri kwa mapewa akuyandikana ndi kutsikira pansi. Yang'anirani pagalasi: mapewa akakwera kumakutu, ndiye kuti minofu yotopa ija yalandanso ntchito, ndipo mukulimbitsa yolakwika. Kenako, zigongono zili m'nthiti, manja ali kutsogolo atagwira lambayo, tsegulirani manja kunja osasuntha zigongono. Izi zimadzutsa timinofu tozungulira mfundo ya phewa. Pakhosi, bwezerani chibwano kumbuyo molunjika, osaweramitsa mutu, gwirani masekondi 5, masulani. Kutambasula chifuwa poimirira pakhomo, mikono itatsamira mafelemu, kumathandiza kuti mumve kumasuka, koma pakokha sikusintha zambiri. Ndimadandaula ndikaona munthu akutha miyezi akungotambasula ndi kuthowa, osanyamulako kanthu.

Mwina mukuti nthawi mulibe. Ku Denmark, Lars Andersen ndi anzake anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2011, pa anthu ogwira ntchito mu ofesi amene khosi ndi mapewa zinkawawa kawirikawiri. Anapeza kuti ngakhale mphindi 2 zokha patsiku za kukoka lamba wotereyu, masiku 5 pasabata kwa masabata 10, zinachepetsa ululu. Mphindi ziwiri muli nazo, mayi.

Koma kulimbitsa uku mukuvulazabe n'kutaya mphamvu pachabe, choncho pamalo pamene mumakhalapo pasinthenso. Mouse ibwere pafupi ndi thupi kuti chigongono chikhale m'nthiti, osati m'malere. Mkono utsamire patebulo, dzanja likhale chowongoka. M'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mufanane ndi maso anu. Phunzirani kugwiritsa ntchito mabatani a kiyibodi m'malo modina chilichonse, ndipo ntchito zina zopepuka muzipatsako dzanja lamanzere. Pakatha mphindi 20 kapena 30, chotsani dzanja, ligwetseni m'mbali, imirirani ngakhale kamphindi. Kakhalidwe kabwino pampando n'kofunika, komabe ngakhale mutakhala mowongoka chotani, kukhala chimodzimodzi maola atatu kumatopetsa minofu. Ponyamula zinthu kunyumba, chikhatho chiziyang'ana kumwamba, popeza kunyamula chikhatho chili pansi ndi kumene kumakoka kafupa kaja.

Ena adzakuuzani za jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu. Amathandizadi msanga, koma kafukufuku wa ku Australia wa mu 2006 anasonyeza kuti ngakhale obayidwawo ankapeza bwino pa masabata 6 oyambirira, ambiri ululu unawabwerera, ndipo pakutha pa chaka anali kumbuyo kwa amene anachita mafizo. Ine ndingasankhe njira yochedwayi. Mtsempha sulandira magazi ambiri ngati mnofu, motero umachira mochedwa. Dzipatseni masabata 12 musanaweruze, ndipo musadabwe zikatenga miyezi ingapo kupitirira apo.

Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha ndi botolo ndi lamba. Dzanzi m'chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, makamaka lokudzutsani usiku, limasonyeza kuti mtsempha wa mauthenga ukupanikizika polumikizira dzanja ndi mkono, ndipo izi zimachitika kwambiri kwa odwala shuga, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi vuto la chithokomiro. Dzanzi m'chala chaching'ono ndi choyandikana nacho limaloza mtsempha wina wodutsa mkati mwa chigongono. Kugwetsa zinthu, kuphwa kwa mnofu wa patsinde pa chala chachikulu, kutupa kotentha ndi kofiira, kapena ululu umene unayamba mutagwa, zonsezi n'zofunika kupimidwa msanga. Ndipo ululu wa mkono wobwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta kapena kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngakhale mulibe zizindikiro zimenezi, popeza papita kale miyezi, kaonaneni ndi dokotala wa mafizo kuti akugwireni mkonowo ndi kuona ngati ululu wina sukuchokera m'khosi. Popita, pemphani mnzanu wakuntchito akujambuleni chithunzi cham'mbali muli pakati pa ntchito, nthawi imene simukuyembekezera, ndipo mukamusonyeze dokotalayo.