Kodi m'phiri la Soche muli moto ngati wa ku Goma?

Mayi ena a ku Chilobwe andilembera imelo sabata yatha, ndipo funso lawo ndakhala nalo masiku angapo ndisanaliyankhe, chifukwa likuchokera mumtima wa munthu amene anaona zoopsa. Akuti usiku umene namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche mu Malichi 2023, anamva mkokomo waukulu ngati ukuchokera m'mimba mwa phirilo, ndipo kuyambira pamenepo anthu ena m'dera lawo amanena kuti pansi pa Soche pali moto umene tsiku lina udzatuluka. Achimwene awo, amene anakagwirako ntchito yosungitsa mtendere kum'mawa kwa dziko la Congo, anawasimbira za phiri la kufupi ndi mzinda wa Goma limene limafiira usiku, ndiye akufunsa ngati Soche, Ndirande kapena Mulanje angadzachite chimodzimodzi.

Mayi, m'mapiri athu a kum'mwera kuno mulibe moto wotero, ndipo kuti mukhulupirire zimenezi ndi bwino tiyambe taliona phiri limene achimwene anu ankanena.

Dzina lake ndi Nyiragongo, ndipo ndi lalitali mamita 3,470. Lili m'nkhalango yotetezedwa ya Virunga, kumpoto kwa Goma ndi nyanja ya Kivu. Pamwamba pake pali chidzenje chotakasuka pafupifupi makilomita awiri, ndipo kwa zaka zambiri pansi pa chidzenjecho pakhala pali dziwe la miyala yosungunuka limene limabwata usana ndi usiku. Kufiira kumene anthu a ku Goma amakuona m'mitambo kukada ndi kuwala kwa dziwe limeneli. Chimene chimaika moto pamalo amenewa n'chakuti nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa chabe pa chaka, ndipo pamene yang'ambika imapyapyala, miyala yotentha ya pansi imakwera n'kusungunuka, kenako imafuna potulukira.

Chimene chimasiyanitsa Nyiragongo ndi mapiri ambiri ophulika ndi mtundu wa chiphalaphala chake. Aliyense amene anaphikapo nsima amadziwa kuti phala likadali lamadzimadzi limayenderera mumphika mukangoupendeketsa, koma likayamba kulimba limatsekera nthunzi mkati n'kumathovoka, mpaka kukuwotchani pamkono. Miyala yosungunuka imachitanso chimodzimodzi. Ikakhala ndi silika wambiri, amene ndi chinthu chomwe chimapanga mchenga woyera ndi mwala wa nsangalabwi, imakhala yolimba ngati nsima, imatsekera mpweya, ndipo phiri limaphulika mwamphamvu n'kumwaza phulusa. Ya ku Nyiragongo ili ndi silika wochepa kwambiri, choncho imayenda ngati phala la mwana, ndipo pamalo otsetsereka imathamanga kuposa munthu.

Pa 10 Januwale 1977 mbali za phirili zinang'ambika ndipo dziwe lonse lija linakhuthuka pasanathe ola limodzi. Chiphalaphala chinatsika ndi liwiro lofika makilomita 60 pa ola, n'kupeza anthu m'midzi asanaganize n'komwe zothawa. Dziwelo linadzadzanso m'zaka zotsatira, ndipo pa 17 Januwale 2002 ming'alu inatsegukanso mbali ya kum'mwera, yoyang'ana mumzinda. Ulendo umenewu chiphalaphala chinadutsa pakati penipeni pa Goma, chinakwirira mbali ya bwalo la ndege, n'kukathera m'nyanja ya Kivu. Anthu pafupifupi 400,000 anathawa, ambiri mwa iwo kuwolokera ku Gisenyi m'dziko la Rwanda, ndipo anthu oposa 100 anamwalira. Chachitatu chinachitika madzulo a pa 22 Meyi 2021, pamene chiphalaphala chinawononga midzi ya kumpoto kwa mzinda n'kuima chisanafike pabwalo la ndege. Anthu oposa 30 anafa, ena mwa iwo pa ngozi za pamsewu pothawa. Chimene chinadetsa nkhawa akatswiri pa ulendo umenewu n'chakuti phirilo silinapereke chenjezo looneka bwino, pamene mu 2002 zivomezi zinali zitayamba kale masiku angapo m'mbuyo.

Ngakhale phirilo litakhala chete, anthu a kumeneko sakhala pa mtendere weniweni. Mpweya woipa umatuluka m'ming'alu ya nthaka n'kukadikha m'malo otsika, chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, ndipo umapha ana ndi ziweto mwakachetechete. Anthu a kumeneko amautcha mazuku. Pansi pa nyanja ya Kivu palinso mpweya wambiri wosungunuka m'madzi, ndipo mantha ndi akuti chivomezi chachikulu kapena kuphulika kwa pansi pa nyanja kungautulutse nthawi imodzi, monga zinachitikira ku nyanja ya Nyos ku Cameroon mu 1986, kumene anthu oposa 1,700 anafa usiku umodzi. Ndimamva chisoni ndikaganiza kuti anthu amabwerera kukamanga pamwamba pa mwala womwewo umene unameza nyumba zawo, koma sindingawaweruze, pakuti dothi lochokera ku phulusa la phiri limabereka kwambiri, ndipo munthu wosauka sasankha pomanga, monga mmene zililinso m'mbali mwa Soche.

Tsopano tibwerere kwathu. N'zoona kuti mng'alu waukulu uja wa nthaka ya kum'mawa kwa Africa unafikanso kuno, ndipo nyanja ya Malawi ili m'kati mwake, pamodzi ndi chigwa cha Shire. N'chifukwa chake timamva zivomezi, monga cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo n'chifukwa chakenso tili ndi akasupe a madzi otentha ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Koma mapiri ophulika amene akadali amoyo oyandikira kwambiri dziko lathu ali kutsidya kwa malire, m'dera la Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja, kumene phiri la Kyejo linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800. Kuchokera ku Blantyre kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita mazanamazana.

Phiri la Mulanje ndi limene limasokoneza anthu ambiri, chifukwa linabadwadi ndi moto. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, miyala yosungunuka inakwera kuchokera pansi koma inaima panjira, n'kuzizira pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka mpaka inasanduka thanthwe lolimba kwambiri. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa imene inalikuta, ndipo chotsala ndi chimene timachiona lero tikamadutsa m'minda ya tiyi, ndi nsonga ya Sapitwa pa mamita 3,002 ndi khoma lija la Chambe. Phiri la Zomba linapangikanso mwa njira yomweyo. Kumene kunali mapiri ophulika enieni m'nthawi imeneyo ndi malo monga chilumba cha Chilwa, Tundulu, Songwe ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka, koma chimene chinatsala kumeneko ndi mmero wouma wa phiri limene linatha kalekale, ndipo miyala yamtengo wapatali imene makampani a migodi akuifuna m'malo amenewa inasiyidwa ndi moto womwewo. Miyala ya Soche, Ndirande ndi Michiru ndi yakale kwambiri kuposa ya Mulanje, ndipo inazizira kale zinyama zoyenda pamtunda zisanakhaleko.

Nanga mkokomo umene munaumva unali wa chiyani? Makolo athu ankati ndi napolo, ndipo dzina limeneli linamveka ku Zomba mu Disembala 1946 ndiponso ku Phalombe mu Malichi 1991. Pamwamba pa thanthwe la phiri pamakhala dothi losazama. Mvula ikagwa masiku atatu kapena anayi osakata, madzi amalowa m'dothilo n'kukafika pa thanthwe limene sangalibowole, ndipo amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala, kufikira dothi lonse litatsetsereka pamodzi ndi mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Miyala imeneyo ikamagundana m'khwawa usiku, phokoso lake limagwedeza nthaka, ndipo munthu amene ali m'munsi sangalakwe kuganiza kuti phiri laphulika. Mitengo imene inatha pa Soche inali kugwira dothi ndi mizu yake, ndipo nyumba zinakwera mpaka m'njira zimene madzi ankadutsa kale. Choncho chimene ndikukupemphani kuti muziyang'anira nthawi ya dzinja ndi ming'alu yatsopano m'nthaka ya kumtunda kwa nyumba yanu, mitengo kapena mapolo amene ayamba kupendekeka, madzi otuluka pamalo pamene sipanali kasupe, ndiponso mtsinje umene wada mwadzidzidzi kapena waphwa mvula ikugwabe, pakuti pamenepo ndiye kuti watsekeka kumtunda ndipo muyenera kuchoka msanga.

Ngati anzanu akukayikabe, pitani nawo pa umodzi mwa miyala imene inagubuduka usiku uja, imene ina ikadali m'makwalala a ku Chilobwe, ndipo muyang'ane pamene unasweka. Mudzaona timibulu tikuluikulu tonyezimira tolumikizana zolimba, ndipo timibulu totere timakula pokhapokha mwala ukazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka kwa zaka zikwizikwi. Kenako mufunse achimwene anu za miyala imene anthu a ku Goma amamangira mipanda: adzakuuzani kuti ndi yakuda bii, yokhakhala, yodzaza ndi timabowo ngati siponji, chifukwa inauma panja mpweya ukuthawamo.